Dzanja la Khasu ndi Ndodo ya Giya

Munthu wokwera galimoto akakhala kumbuyo pamwamba pa matumba saona zimene mapazi a woyendetsa ali kuchita kutsogolo, koma msana wake ndiwo umva. Woyendetsa akakhala wosadziwa bwino ntchito yake, okwera agundana mitu, dengu la tomato ligwera pa dengu la usipa, ndipo pansi pa galimoto pamveka phokoso la zitsulo longa la munthu wokukuta mano kutulo. Akakhala wodziwa, galimoto inyamuka monga bwato pochoka padooko, ndipo palibe womutama, pakuti ntchito imeneyi ikachitika bwino siioneka ayi.

Ku Bembeke, m'boma la Dedza, kunali mnyamata wina amene anaphunzira zimenezi movutika ndithu. Iye anali mlimi wa mbatata ya kachewere, munthu wa mphamvu, woti thumba lodzaza ankalisenza yekha kuchokera kudimba. Amalume ake anali ndi galimoto yakale ya Land Rover yotseguka kumbuyo. Ankatsika nayo kunyanja atanyamula kachewere ndi kabichi, ndipo pobwera ankakwera nayo mapiri atatenga nsomba pamodzi ndi amayi ochita malonda. Galimoto imeneyo ndiyo inali munda wa mbumba yonse. Ndalama za sukulu, za feteleza, ngakhale za nsalu ya maliro zinali kuchokera momwemo.

Tsono chaka china bondo lakumanzere la amalumewo linayamba kutupa ndi nyamakazi. Kwa munthu wina bondo lotere ndi nthenda chabe, koma kwa dalaivala ndiko kutha kwa ntchito, chifukwa mwendo wakumanzere ndiwo uponda kilatchi, ndipo paulendo umodzi wa m'mapiri uponda kosawerengeka. Panatsala njira ziwiri: kugulitsa galimoto, kapena kuphunzitsa mwana wa mlongo wawo. Iwo anasankha kuphunzitsa. Mnyamatayo anakatenga chiphaso cha wophunzira kuboma, ndipo anamata chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto.

Anayambira pabwalo la mpira la m'mudzimo. Chiwongolero sichinamuvute. Pofika madzulo a tsiku loyamba anali kuzungulira magolo osawagunda, ndipo mumtima mwake anati ntchito yatha. Ambiri anyengedwa chomwecho, poyesa kuti kuyendetsa galimoto ndiko kugwira chiwongolero, popeza ndicho chokha chimene anthu oima pamsewu achiona. Ntchito yeniyeni ili pansi, kumene kuli zopondera zitatu ndi mapazi awiri okha. Kumanzere kuli kilatchi, pakati pali buleki, ndipo kumanja kuli chopondera moto. Komanso popeza m'Malawi galimoto ziyenda kumanzere kwa msewu ndipo woyendetsa akhala kumanja, ndodo ya giya igwidwa ndi dzanja lamanzere, dzanja limene mwana aletsedwa kudyera nsima kapena kupatsira moni. Dzanja losaphunzitsidwa limenelo ndilo lipatsidwa ntchito yofuna luso koposa.

Njira ya ndodoyo ili ngati chilembo cha H. Giya yoyamba ili kumtunda kumanzere, yachiwiri kumunsi kwake, yachitatu kumtunda kumanja, yachinayi kumunsi kwake. Kamzere kopingasa ka pakati ndiwo malo opanda giya, pamene injini ilira koma matayala osalandira mphamvu yake.

Vuto loyamba linali kunyamuka. Mnyamatayo akalowetsa giya yoyamba ankachotsa phazi pa kilatchi msangamsanga monga munthu woponda khala la moto. Galimoto inkadumpha ngati tonde, injini n'kuzima. Akaliza injini n'kuyesanso, zinali zomwezo. Ana a m'mudzi anali atakhala pachulu, ndipo galimoto ikadumpha iwo ankaululuza.

Amalume sanakalipe. Anamutengera kuseri kwa nyumba kumene kunali mphero ya agogo ake, ndipo anamuuza kuti aike mwanamphero pamphero. "Mphwanga," anatero, "kilatchi ndi chinthu chonga ichi. Mwala umodzi ndi wa injini, mwala wina ndi wa matayala." Ndipo fanizo limenelo silili kutali ndi zoona. Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo cholemera chozungulira chimene amakanika achitcha flywheel. Pachitsulocho pakanikizidwa mbale yopyapyala yokhakhala, imene ilumikizana ndi bokosi la magiya. Phazi likaponda kilatchi, mbaleyo italikirana ndi chitsulo chija, ndipo injini izungulira yokha. Phazi likabwerera, ziwirizo zikhudzana, ziyamba zakhulana pang'ono, kenaka zigwirana ndi kuzungulira pamodzi. Tsono ngati chimodzi chili kuthamanga ndipo chinzake chili chiimire ndi katundu yense wa galimoto, kuzigwirizanitsa mwadzidzidzi ndiko kuuza injini kuti inyamule phiri nthawi imodzi. Injini ikana, nizima.

Pali kamalo kena pakati pa ulendo wa phazi pamene mbale iyamba kugwira. Kamaloko sikaoneka ndi maso. Kadziwika ndi mawu a injini amene atsika pang'ono, ndi mphuno ya galimoto imene inyamuka ngati ng'ombe yomva goli. Pamenepo phazi liyenera kuima kanthawi, lamanja likuonjezera moto pang'ono, kufikira matayala atayamba kugubuduka. Amalume anamuvulitsa nsapato zake za jombo kuti aponde ndi phazi lenileni, ndipo masiku atatu anachita chinthu chimodzi chokha: kunyamuka, kuima, kunyamukanso. Anamuchenjezanso kuti galimoto ikayenda achotseretu phazi pa kilatchi, chifukwa phazi logonera pamenepo lichititsa mbale kukhulana ulendo wonse, mpaka ipsa ndi kununkha ngati chikopa chowauka.

Zimenezo anazidziwa msanga. Chimene chinamutengera miyezi ndicho kusintha giya galimoto ili kuyenda.

Kodi magiya ndi a chiyani? Injini ili ndi mphamvu pokhapokha ikamazungulira mofulumira. Ikazungulira pang'onopang'ono ifooka, ndipo ikafulumira kopitirira muyeso idziononga. Koma matayala afunika kuyenda pang'ono pamtunda ndi kuthamanga pachigwa. Bokosi la magiya ndilo nkhoswe pakati pa awiriwa. M'katimo muli magudumu achitsulo a mano, aakulu ndi aang'ono, osambira m'mafuta. Pa Land Rover ya mtundu umenewo, giya yoyamba ifuna kuti injini izungulire koposa ka 15 kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo m'chifukwa chake giyayo ili ndi mphamvu koma ilibe liwiro. Pa giya yachinayi injini izungulira ka 5 ndi pang'ono chabe, ndipo galimoto ithamanga koma singakwere phiri ndi katundu.

Mnyamata uja akafuna kuchoka pa giya yoyamba kumka pa yachiwiri, ndodo inkakana, ndipo pansi pankamveka kukukuta kuja. Iye anali munthu wa khasu. Moyo wake wonse anadziwa kuti nthaka ikalimba, mankhwala ake ndi kuonjezera mphamvu, ndipo chitsa chikakana munthu achita kuchikoka ndi manja awiri. Choncho ndodo ikakana ankaikankha ndi phewa lonse mpaka italowa. Inkalowadi, koma inkalowa ikulira.

Loweruka lina amalume anagona pansi pa galimoto, namasula kachitseko ka bokosi la magiya, natsanulira mafuta ake m'beseni. Anapisa dzanja pansi pa beseniyo, nalitulutsa padzuwa. M'chikhatho mwawo munali timizukwa ta chitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa.

"Ukudziwa zimenezi?"

"Iyayi, amalume."

"Awa ndi mano a galimoto. Ako anaguluka uli mwana n'kumeranso. Awa samera kawiri."

Mnyamatayo anangoti chete. Anadziwa tanthauzo lake. Bokosi likathyoka mano, galimoto iyenera kukhala pamiyala, wina amke ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukasaka zitsulo za galimoto yakale, ndipo ndalama za kachewere wa chaka chonse zithere komweko. Alongo ake awiri anali kusukulu chifukwa cha mano amenewo. Usiku umenewo anauza amayi ake kuti mwina kuli bwino abwerere kudimba, kumene mphamvu zake zili ndi ntchito. Amayi ake anangomufunsa kuti, nanga bondo la amalume akowo lichira liti?

Tsiku lina madzulo anthu awiriwa atakhala pakhonde, asungwana awiri anali kusinja chimanga mumtondo umodzi. Amalume anamuuza kuti apenyetsetse. Musi umodzi ukamatsika wina unali kukwera, ndipo misi iwiriyo sinagundane ngakhale kamodzi. Posakhalitsa kunabwera msungwana wachitatu ndi musi wake. Iye sanangofika n'kuponya musi mumtondo. Anayamba waima pambali akugwedeza thupi, akukweza ndi kutsitsa musi wake m'malere, kufikira atagwira kayendedwe ka anzakewo. Atakagwira analowa, ndipo kulira kwa mtondo kunangosanduka kwa anthu atatu popanda chododometsa.

"Waona? Amene uja akadalowa ndi mphamvu, bwenzi atathyola chala cha mnzake."

Chinsinsi chonse cha magiya chili pomwepo. Mano a zitsulo ziwiri angalowane pokhapokha zonse ziwiri zikamazungulira pa liwiro limodzi. Chimodzi chikafulumira kuposa chinzake, nsonga za mano zingokhulana, ndipo ndiko kukukuta kumene kumveka. Mphamvu ya dzanja singathandize kanthu. Liwiro likafanana, ndodo ilowa ndi zala ziwiri, ngati kuti bokosi laikoka lokha.

M'galimoto zambiri ntchito yofananitsa liwiro ichitidwa ndi timphete tamkuwa ta m'kati mwa bokosi, totchedwa synchromesh. Timpheteto tiyamba tagwira chitsulo chozunguliracho ndi kuchifulumizitsa kapena kuchichedwetsa mano asanakumane. Nzeru imeneyi inayamba kuikidwa m'galimoto za Cadillac ku America m'chaka cha 1928. Koma Land Rover, imene inayamba kupangidwa ku Britain m'chaka cha 1948, inakhala zaka zambiri ili ndi timpheteto pa giya yachitatu ndi yachinayi pokha. Magiya onse anayi anatilandira pa mtundu umene unatuluka m'chaka cha 1971. Ya amalume inali yakale kuposa pamenepo. Kotero pa giya yoyamba ndi yachiwiri, ntchito ya timphete inayenera kuchitidwa ndi mapazi ndi makutu a woyendetsa.

Njira yake ndiyo kuponda kilatchi kawiri. Pokwera kuchoka pa giya yoyamba kumka pa yachiwiri, woyendetsa asiya moto, aponda kilatchi, atulutsa ndodo kuiika pakati, nasiya kilatchi. Adikira kamphindi kuti injini itsitse mawu, apondanso, nalowetsa giya. Potsika kuchoka pa yachitatu kubwerera pa yachiwiri ndipo pali ntchito, chifukwa injini iyenera kufulumira, osati kuchedwa. Pamene inali kuzungulira kawiri iyenera tsopano kuzungulira katatu. Tsono ndodo ili pakati ndipo kilatchi itasiyidwa, phazi lamanja ligunda moto kamodzi kuti injini ikuwe, ndipo isanatsitse mawu woyendetsa apondanso kilatchi ndi kulowetsa giya. Zonsezi zichitika m'nthawi yoti munthu angapume kamodzi.

Mnyamatayo anaziloweza ngati nyimbo ya kusukulu. Madzulo ankakhala m'galimoto injini ili yozima, akunong'ona kuti, ponda, tulutsa, siya, moto, ponda, lowetsa, siya, kufikira mapazi atazolowera okha. Koma kuchuluka kwa moto woyenera kugunda palibe angakuuze mnzake ndi pakamwa, pakuti kusiyana malinga ndi liwiro, katundu ndi mtunda. Apa amalume anachita chinthu chimene chinamukwiyitsa poyamba. Anamulanda chiwongolero mwezi wathunthu. Anamukhazika pampando wa wokwera, namuuza kuti atsinzine, ndipo akamva kuti nthawi yosintha giya yakwana anene kuti "tsopano". Masiku oyamba ankachedwa, kapena kufulumira. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumva kuti injini ili ndi mawu osiyanasiyana monga mwana wakhanda: kulira kwa kulemedwa kuli pansi ndipo kunjenjemeretsa mpando, kulira kwa kufulumizidwa kuli pamwamba ndipo kulasa m'makutu. Pakati pake pali mawu a injini yokhuta. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kumva mawu a injini kufuna kudekha koposa, chifukwa munthu wachinyamata akakhala pampando wa wokwera mwezi wonse amva ngati anzake onse ali kumuseka.

Kuchokera ku Dedza kumka kunyanja, njira yachidule ipatuka pa Masasa ndi kutsikira ku Golomoti. Anthu aitcha Khwekhwelere. Dedza ili pamtunda woposa mamita 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi siifika mamita 500, ndipo gawo lalikulu la kutsika kumeneko lichitika pamsewu umenewu, wokhotakhota m'mbali mwa phiri, phompho lili pambali. Lero msewuwo uli ndi phula, koma masiku amenewo unali wa miyala ndi fumbi.

Potsika, amalume anali ndi lamulo limodzi losasinthika: giya imene ukwerera phiri ndiyo utsikirenso. Madalaivala ena aika ndodo pakati potsetsereka poti apulumutse petulo, ndipo ndiwo mchitidwe umene wasiya ana amasiye ambiri. Galimoto ikakhala m'giya yaing'ono, injini ndiyo iigwira kuti isathamange. Ikakhala pakati, katundu yense atsamira pa mabuleki okha, ndipo mabuleki akapondedwa nthawi yaitali atentha ndi kuleka kugwira. Pamenepo woyendetsa akafuna kubwezera giya apeza kuti galimoto yathamanga kale kwambiri, ndipo mano akana kulowana.

Ulendo woyamba umene mnyamatayo anapatsidwa kukwera phirilo, anali atanyamula madengu a usipa ndi amayi asanu. Anachoka pa Golomoti bwinobwino, nayamba mtunda ali m'giya yachitatu. Injini inayamba kutsitsa mawu, ndipo iye anamva, koma mantha a giya yachiwiri anamugwira, naganiza kuti mwina ipirira mpaka pokhota. Atafika pokhotapo galimoto inali itatheratu liwiro. Anaponda kilatchi, natulutsa ndodo, ndipo pamtunda wotere galimoto yopanda giya iima nthawi yomweyo. Moto anaugunda wochuluka, mano anakukuta, dzanja la khasu linabwerera, ndipo ndodo inakana. Galimoto inaima, niyamba kubwerera m'mbuyo.

"Buleki!" anatero amalume, kamodzi kokha.

Anaponda ndi mphamvu zake zonse, ndipo apa mphamvuzo zinagwira ntchito. Kamnyamata kothandiza kanadumpha ndi kutchinga mwala kumbuyo kwa tayala. Amayi aja anatsika onse, wina akuitana dzina la Mulungu, wina akunena kuti usipa wake ndi wangongole, ndipo anakwera pokhotapo wapansi. Amalume anakoka kandodo kofiira kamene Land Rover ili nako kochepetsera magiya onse, namuuza kuti anyamuke. Iwo sanamuchotse pampando ayi, ngakhale miyendo yake inali kunjenjemera.

Atafika pamwamba anaima kuti injini izizire, ndipo mnyamatayo anadikira mawu owawa. Amalume anangomufunsa kuti, "Unamva liti kuti yalemedwa?"

"Pamtengo wa msuku paja, amalume."

"Nanga unasintha pati?"

Funsolo silinafune yankho. Makutu ake anali atamva bwino, koma iye sanawakhulupirire. Giya ya phiri isinthidwa phiri lisanaifune, galimoto ikadali ndi liwiro loti iyende nalo m'kamphindi kamene ndodo ili pakati. Wochedwa asintha ali ndi mantha, ndipo phazi la mantha silidziwa muyeso.

Masiku ano galimoto zambiri zobwera kuchokera ku Japan zisintha magiya zokha ndipo zilibe kilatchi konse, kotero kuti munthu angayendetse zaka zambiri osadziwa zimene zili pansi pa mpando wake. Palibe choipa pamenepo, ndipo bondo la amalume aja likadakondwera nazo. Komabe malole ambiri, mathirakitala ndi maminibasi akadali ndi zopondera zitatu, ndipo timphete tamkuwa tija nato titha ndi ukalamba. Galimoto ikayamba kukukuta polowa giya yachiwiri, dalaivala wodziwa kuponda kilatchi kawiri afika nayo kunyumba mano ali athunthu.

Mnyamata uja anakhala milungu itatu akuyesera pakamtunda ka kumbuyo kwa msika, akutsika kuchoka pa yachitatu kumka pa yachiwiri mpaka anthu ogulitsa pamenepo analeka kucheuka. Amalume anamuuza kuti agwire ndodo ndi zala zokha, chikhatho chisakhudze, kuti phewa lisapeze polowera. Ndipo tsiku lina ndodo inalowa iye asanaikankhe. Anadabwa, nayesa kuti yaphonya, koma galimoto inali kukoka.

Pamene anabwerera ku Khwekhwelere mvula inali pafupi, ndipo mitambo inali itaphimba mitu ya mapiri. Amayi amene anatsika tsiku lija awiri anakana kukwera, koma atatu anakwera, popeza panalibe galimoto ina. Mtengo wa msuku usanafike, injini ikadali ndi mawu okhuta, iye anaponda, natulutsa, nasiya, nagunda moto, napondanso. Ndodo inatsikira kumunsi kumanzere popanda phokoso, ndipo galimoto inazungulira pokhota paja osasintha mayendedwe. Kumbuyo amayi anali kukangana za mtengo wa usipa ku Lizulu, ndipo mkanganowo sunaduke.

Amalume anali atatambasula mwendo wodwalawo, akuyang'ana kuphompho. Patapita nthawi anati, "Pa Masasa uime. Mayi ako anatuma mchere."